Mukufuna kupita ku Lesotho? Umu ndi momwe mungakonzekerere mapiri ake

Pa mapu dziko la Lesotho limaoneka ngati kadontho kogwera m'mimba mwa South Africa, ndipo ambiri amaganiza kuti angalizungulire tsiku limodzi. Mapuwo sakuuzani za kutalika kwake kopita m'mwamba. Malo otsika kwambiri m'dzikoli ali pa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo palibe dziko lina limene malo ake otsikitsitsa ali pamwamba chonchi. Nsonga yayitali koposa, Thabana Ntlenyana, ili pa mamita 3,482. Zovala, galimoto, nthawi ngakhale mpweya umene mukapume, zonse zikalamulidwa ndi mapiriwa.

1. Konzani mapepala a mayiko awiri

Simungafike ku Lesotho osaponda kaye South Africa. Ngakhale ndege ya Airlink yokatera pa bwalo la Moshoeshoe I, kunja pang'ono kwa likulu la Maseru, imanyamukira ku Johannesburg, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Mukayenda pa msewu ndiye kuti mulowa South Africa, mutuluka, kenako mudzalowanso pobwerera. Choncho ngati pasipoti yanu imafuna visa ya South Africa, pemphani yolowera kangapo. Funsani ku ofesi za kazembe wa mayiko onse awiri nthawi ikadalipo, ndipo onetsetsani kuti m'pasipotimo muli masamba osadindidwa, chifukwa zidindo zichuluka.

2. Sankhani mwezi musanagule tikiti

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira zoti munthu wozolowera kotentha amalira. Ku mapiri kumagwa chipale chofewa, madzi amaundana usiku, ndipo misewu ina yam'mwamba imatha kutsekeka. Amene akufuna kuona chipalecho ndi maso awo, kapena kutsetsereka pa chipale ku Afriski pafupi ndi Oxbow, nthawi yawo ndi Juni mpaka Ogasiti.

Mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Epulo, kawirikawiri masana, ndipo imabwera ndi mphenzi zoopsa. Kwa ine miyezi yabwino ndi Marichi ndi Epulo, pamene mvula ikutha koma mapiri adakali obiriwira. Mwezi uliwonse tengani juzi yolemera, jekete yosalowa madzi, chipewa ndi masokosi ochindikala. Ku mapiri amenewa chipale chikhoza kugwa ngakhale nthawi yotentha. Nkhani yabwino ndi yoti malungo kulibe, udzudzu wake supirira kuzizira kumeneku.

3. Sankhani chipata cholowera

Chipata cha Maseru Bridge, kufupi ndi tauni ya Ladybrand, ndi cha Maputsoe, moyang'anizana ndi Ficksburg, zimakhala zotsegula usana ndi usiku. Ngati mukulowera kumpoto, cha ku Butha-Buthe, pali chipata cha Caledonspoort. Zonsezi ndi za msewu wa phula, galimoto wamba imadutsa bwinobwino.

Sani Pass ndi nkhani ina. Msewu umenewu umakwera kuchokera ku Underberg ndi Himeville m'chigawo cha KwaZulu-Natal mpaka pamwamba pa mamita oposa 2,800, ndipo chigawo chake chomaliza ndi makona okhotakhota a miyala, phompho lili pambali. Pamafunika galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo chipata chimatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 6 koloko madzulo. Ofesi ya South Africa ili m'munsi, ya Lesotho ili pamwamba, ndiye pakati pa zidindo ziwirizi pali chitunda chonsecho. Mukachedwa, mugona mbali imene simunafune. Ngati simunayendetsepo pa msewu wotere, lipirani anthu otenga alendo ku Underberg akukwezeni. Palibe manyazi pamenepo.

4. Galimoto: apa ndi pamene ambiri amalakwitsa

Amayendetsa kumanzere. Ngati galimoto ndi yobwereka ku South Africa, pemphani kalata yololeza kutuluka nayo m'dziko, ndipo khalani ndi ndalama ya m'manja yolipira msonkho wa msewu pa chipata.

Tsopano iwalani kawerengedwe kanu ka makilomita. Mtunda umene kwina mungaudye ola limodzi, kuno ungakutengereni maola awiri kapena atatu. Msewu wa A1 wochoka ku Maseru kudzera ku Butha-Buthe kupita ku Mokhotlong umakwera Moteng Pass, kenako Mahlasela ndi Tlaeeng, onse awiri kuposa mamita 3,200. Pa msewu wa A3 wopita ku damu la Mohale pali chitunda chimene eni ake adachitcha Molimo Nthuse, kutanthauza kuti "Mulungu ndithandizeni". Anthu obadwira m'mapiri akatchula chitunda dzina lotere, mlendo ayenera kumva.

Pokwera, injini imaoneka ngati yafooka. Si kuti yawonongeka, mpweya wa m'mwamba ndi wochepa basi, ikani giya yotsika muzipita pang'onopang'ono. Vuto lenileni lili potsika. Ine ndidaphunzira ndi mphuno: ndikutsika Moteng phazi lili pa buleki nthawi yonse, ndidangomva fungo ngati la mphira wopsa, buleki n'kuyamba kulowa pansi ngati ndaponda siponji. Ndidaima pambali kwa theka la ola, mtima uli phaa phaa, mnyamata woweta nkhosa atandiyang'ana chete atafunda bulangete lake. Mabuleki akatentha kwambiri amasiya kugwira. Tsikani ndi giya yomwe mukadakwerera, yachiwiri kapena yoyamba, injini ndiyo izigwira galimoto, buleki muzingoiponda mwa apo ndi apo. Galimoto ya otomatiki nayo ili ndi giya yotsika, ifufuzeni musananyamuke.

Thirani mafuta paliponse pamene mwaona pothirira, ngakhale thanki ili theka, chifukwa mukatuluka m'matauni a kumadzulo malo otere amatalikirana. Usiku musayende. Nkhosa, ng'ombe, abulu ndi anthu okwera pa akavalo amagwiritsa ntchito msewu womwewo, ndipo chifunga chimatsika mwadzidzidzi mpaka osaona kutsogolo kwa boneti.

Opanda galimoto sali pa mavuto. M'tauni ya Maseru muli matakisi okwera anthu anayi otchedwa 4+1, ndipo maminibasi amafika m'maboma onse, kungoti amanyamuka akadzaza. Lawirirani.

5. Lipatseni thupi nthawi

Mukapitirira mamita 2,500, anthu ena amamva mutu, nseru, kusowa tulo ndi kupuma wefuwefu pokwera ngakhale masitepe ochepa. Sizisankha wamphamvu kapena wofooka. Gonani usiku woyamba kumunsi, monga ku Maseru kapena ku Malealea, kenako mukwere. Imwani madzi ambiri, mowa muuchepetse tsiku loyamba, ngakhale pamwamba pa Sani pali bala yodzitcha yokwera kwambiri mu Africa monse. Mutu ukapitirira kapena kupuma kukavuta muli chikhalire, mankhwala ake ndi kutsika msanga. Amene ali ndi matenda a mtima kapena a m'mapapo aonane ndi dokotala asananyamuke.

Dzuwa la m'mwamba limawotcha khungu ngakhale kukuzizira, khungu lakuda lomwe, ndipo milomo imang'ambika. Mafuta oteteza ku dzuwa ndi a pamilomo musawasiye. Mukamayenda pansi nthawi ya mvula, nyamukani m'mamawa kuti masana akupezeni mutatsika pa zitunda. Mphenzi ikayamba, musakhale pamwamba pa phiri kapena pansi pa mtengo woima wokha.

6. Phunzirani moni, ndipo dziwani mwini malo

Chingerezi ndi Chisotho zili m'gulu la zilankhulo za boma, koma kumidzi ya m'mapiri Chingerezi chimachepa. Mawu ochepa awa adzakutsegulirani zitseko: "Lumela", amene amatchulidwa ngati "dumela", ndiye moni, "Khotso" ndi mtendere, nawonso ndi moni, "Kea leboha" ndi zikomo. Bambo aliyense ndi "Ntate", mayi ndi "'M'e". Kufunsa njira musanapereke moni ndi mwano.

Phiri limene likuoneka lopanda mwini lili ndi mwini. Mukafuna kumanga tenti pafupi ndi mudzi, pitani kaye kwa mfumu, imene amaitcha morena, mukapemphe malo. Abusa a ziweto amakhala ndi agalu akuluakulu olusa, ndiye musayandikire khola kapena kanyumba kawo ka miyala musanaitane. Musajambule munthu musanamupemphe. Paulendo wa masiku angapo lembani wokutsogolerani wa m'deralo. Ku Malealea ndi ku Semonkong amabwereketsa akavalo ang'onoang'ono a Chisotho, amene amaponda pa miyala mosaphonya kuposa inu.

Za chakudya musade nkhawa. Papa ndi nsima ya chimanga, moroho ndi ndiwo zamasamba, ndipo motoho ndi phala lowawasa la mapira.

7. Musaunjike malo ambiri

Masiku anayi kapena asanu amakwana malo awiri, mwina atatu. Thaba Bosiu, phiri lathyathyathya limene mfumu Moshoeshoe I idakhazikikapo mu 1824, lili pafupi ndi Maseru ndipo theka la tsiku likwanira. Ku Semonkong, kudzera ku Roma, kuli mathithi a Maletsunyane, kumene madzi amagwa mamita 192 kamodzi n'kamodzi. Damu la Katse, la khoma lotalika mamita 185, ndi gawo la ntchito imene Lesotho ndi South Africa adagwirizana mu 1986 yotumiza madzi a m'mapiriwa ku South Africa. Semonkong ili kum'mwera chapakati, Katse ili kumpoto. Amene amayesa kuona zonse ziwiri tsiku limodzi amangoona phula.

8. Foni ndi ndalama

Gulani simu khadi ya Vodacom Lesotho kapena Econet mukangolowa, mutanyamula pasipoti. M'zigwa zakuya netiweki imasowa, choncho sungani mapu mu foni mukadali m'tauni ndipo uzani a pamalo ogona njira imene mwatenga. Mapulagi a magetsi ndi ofanana ndi a ku South Africa, a mano atatu obulungira.

Ndalama ya dzikoli ndi loti, zikachuluka maloti, ndipo mphamvu yake ndi yofanana ndi randi: loti imodzi, randi imodzi. Randi imalandiridwa paliponse, ndiye simukufunika kusintha ngati muli nayo kale. Khadi la kubanki limagwira m'mahotela ndi m'masitolo akuluakulu a m'tauni, koma kumapiri n'kofunika ndalama ya m'manja, makamaka ing'onoing'ono. Chenjezo lili pa chenji: mukalipira ndi randi, nthawi zambiri amakubwezerani maloti, ndipo maloti sagwira ntchito mukangowoloka mtsinje wa m'malire wa Caledon kulowa mu South Africa. Tsiku lomaliza pemphani chenji cha randi, kapena maloti otsalawo muthire mafuta ndi kugula mokorotlo, chipewa cha udzu chosongoka chimene chili pa mbendera ya dzikoli, musanafike pa mlatho.