Kasanjidwe ka Gulu Lankhondo mu Europa Universalis IV

Mu Europa Universalis IV, masewera a pakompyuta omwe kampani ya Paradox inatulutsa mu 2013, mumalamulira dziko kuyambira mu 1444 mpaka mu 1821. Osewera atsopano ambiri amagonja ngakhale ali ndi asilikali ochuluka kuposa mdani, chifukwa sanasamale za mmene asilikaliwo aimira pabwalo lankhondo.

Musanalembe msilikali aliyense, onani kukula kwa mzere wankhondo, komwe masewerawa amakutcha combat width. Nambala imeneyi ikusonyeza kuchuluka kwa magulu, lililonse la asilikali 1,000, omwe angaime kutsogolo nthawi imodzi. Kumayiko ambiri a ku Ulaya imayambira pa 20, ndipo imakwera pamene luso lankhondo likupita patsogolo mpaka kufika pa 40. Mzere wakutsogolowu mudzaze ndi asilikali oyenda pansi, omwe mtengo woyambira wa gulu lililonse ndi madukati 10 (ndalama za m'masewerawa), ndipo muikepo magulu awiri kapena anayi okha a okwera pa akavalo kuti azimenya mdani cham'mbali. Akavalo amadya madukati 25, choncho kuwachulukitsa ndi kuwononga chuma, kupatula ngati dziko lanu lili ndi mphatso yapadera pa akavalo monga Poland.

Mizinga ndiyo imafuna kuganizira kwambiri. Imayamba kupezeka luso lankhondo likafika pa gawo 7, koma poyamba mphamvu yake pabwalo imakhala yochepa poyerekeza ndi madukati 30 omwe mumalipira, motero ndi bwino kukhala ndi yowerengeka yothandiza kugwetsa malinga. Luso likamayandikira pa gawo 16, yambani kudzaza mzere wonse wakumbuyo, popeza mizinga ndiyo yokha imene imawombera ili kumbuyo kwa anzake. Vuto limabwera oyenda pansi akatha: mizinga imakankhidwira kutsogolo, komwe imavulazidwa kawiri kuposa magulu ena, ndipo gulu lomwe munalimanga kwa zaka zambiri limasungunuka m'masiku ochepa. Pachifukwa chimenechi, ndimaona kuti ndi nzeru kusunga gulu lina la oyenda pansi m'chigawo choyandikana, n'kulilowetsa nkhondo ili mkati kuti litseke mipata.

Musaunjike asilikali onse pamalo amodzi podikira mdani. Chigawo chilichonse chili ndi malire a asilikali omwe chingadyetse, ndipo mukapyola malirewo anthu amafa mwezi ndi mwezi osawombera ngakhale chipolopolo chimodzi, makamaka m'nyengo yozizira ya ku Russia. Ndalama mungathe kukongola, koma amuna oti alowe usilikali akatha amatenga zaka kuti achulukenso. Gawani gulu pawiri, magawowo ayende moyandikana, ndipo akumane pa tsiku lankhondo.

Malo omenyerapo musankhe nokha. Woukira amachotseredwa 2 pa mayere ake (nambala zamwayi zomwe masewerawa amaponyera mbali iliyonse pankhondo) akamenya m'mapiri, ndi 1 akawoloka mtsinje, choncho lolani mdani kuti ndiye akupezeni pamalo otere. Posankha mkulu wa asilikali, m'zaka zoyambirira tengani wodziwa kumenyana pafupi, ndipo mizinga ikachuluka mutenge wodziwa kuwombera. Muonetsetsenso kuti malipiro a asilikali mwawakweza mpaka pamwamba miyezi ingapo musanalengeze nkhondo, pakuti kulimba mtima kwawo, komwe kumatsika malipiro akachepa, kumabwerera pang'onopang'ono.