Kayezetseni dothi musanagule feteleza

Anzanga olima m'mbali mwa mitsinje, makamaka ife a ku Thyolo ndi Mulanje kuno, dothi lathu lambiri ndi la asidi ndiye umathira feteleza matumba awiri chimanga osasintha olo pang'ono, mvula ikabwera yenseyo amakokoloka limodzi ndi nthaka kukathera mu Ruo kenako Shire. Zimandiwawa kwabasi.

Ku Bvumbwe Research Station amayeza dothi, a chigawo chapakati pitani ku Chitedze. Potenga sampulo (dothi lochepa lokayezetsa) musamangokumba malo amodzi ayi. Yendani mokhotakhota m'munda monse, malo khumi kapena kuposa, kumbani mpaka masentimita 20, dothilo musakanize bwinobwino mu ndowa yoyera kenako tapani pafupifupi theka la kilo. Pachulu, pomwe panali khola, pomwe munawotchapo zinyalala musatengepo, zotsatira zimanama. Liyanikeni pamthunzi osati padzuwa, pa pepala lembani dzina la munda ndi mbewu yomwe munadzala chaka chatha.

Akakuuzani kuti asidi wachuluka thirani laimu wa m'munda (ufa wochepetsa asidi m'dothi) miyezi ingapo mvula isanayambe, ndipo kumunsi kwa munda chakumtsinje dzalani mzere wa vetiva kuti ugwire dothi.