Masiku atatu panjinga kumadzulo kwa Ireland: kuchoka ku Westport kukazungulira nyanja za Corrib ndi Mask

Anzanga ambiri amene tili nawo kuno ku Ireland amangodziwa Dublin, basi yopita kuntchito ndi tchalitchi cha Lamlungu. Ndikawauza kuti ndinatha masiku atatu ndikupalasa njinga pakati pa mapiri ndi nyanja za ku Mayo ndi Galway, amandifunsa kuti ndinayambira pati. Ndiye ndati ndilembe njira imene ndimayenda ineyo, ndi zimene ndinaphunzira pamsewu.

Choyamba kudziwa n'chakuti mapiri a kuno si aatali. Lalitali kwambiri m'chigawo chonse cha Connacht ndi Mweelrea, mamita 814 okha, ndipo msewu umadutsa m'munsi mwake. Munthu amene anakwerapo zitunda za ku Dedza kapena Thyolo atamanga thumba la chimanga pakeriya sangaope zikweza zimenezi. Chimene chimathetsa mphamvu ndi mphepo. Nthawi zambiri imachokera kum'mwera chakumadzulo, kunyanja ya Atlantic, ndipo ikalowa m'chigwa imawomba ngati mwera wa mwezi wa Julayi kunyanja kwathu. Tsiku lina ndinapalasa pamtsetse weniweni koma ndili pagiya yokwerera chitunda, chifukwa ndikangosiya kupalasa njinga inkaima. Ndiye m'mawa uliwonse, musanamange katundu, tsegulani zanyengo za Met Éireann, bungwe loona zanyengo kuno, pafoni. Musangoona za mvula, chifukwa mvula ibwera ndithu. Onani kumene mphepo ikuchokera ndi mphamvu yake, ndipo ngati kuli chenjezo la mphepo, khalani pansi mumwe tiyi, ulendo uyambe mawa.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala. M'mwezi wa Juni kunja kumawala mpaka cha m'ma 10 koloko usiku, choncho palibe chothamangira. M'nyengo yozizira kumada isanakwane 5 koloko, ndipo ine sindiyerekeza n'komwe.

Kufika ku Westport n'kosavuta: sitima imachokera pa siteshoni ya Heuston mu Dublin ndipo imatenga maola atatu ndi kanthu. Koma malo oika njinga m'sitima ndi ochepa kwambiri, ndiye sungitsani malo a njinga pomwe mukugula tikiti pa intaneti. Ngati mulibe njinga yanu, ku Westport kuli malo angapo obwereketsa.

Amene simunapalasepo mtunda wautali, yambani ndi Great Western Greenway. Ndi njira ya makilomita 42 yochoka ku Westport kudzera ku Newport ndi Mulranny mpaka ku Achill, ndipo inamangidwa pamene pankadutsa njanji imene inatsekedwa mu 1937. Popeza sitima sikwera chitunda chachikulu, njirayi ndi yofatsa, ndipo mbali yaikulu simukumana ndi magalimoto. Imadutsa m'minda ya anthu amene anangovomera mwa kufuna kwawo, ndiye geti lililonse limene mwatsegula mulitseke. Mukaona kuti miyendo ndi chishalo zagwirizana, mwakonzeka ulendo wa masiku atatu.

Tsiku loyamba ndi la makilomita 50 ndi pang'ono, kuchoka ku Westport kukagona ku Leenane pamsewu wa R335. Poyamba mumayenda m'mbali mwa Clew Bay, nyanja ili kudzanja lamanja, phiri la Croagh Patrick lili kumanzere. Phirili ndi la mamita 764 ndipo Akatolika amalikwera popemphera; Lamlungu lomaliza la Julayi kumadzaza anthu ndi magalimoto, ndiye tsiku limenelo lipeweni. Mukafika ku Louisburgh imani, idyani, dzazani mabotolo, gulani kamba. Izi ndikunena motsindika. Kuchoka apo mpaka ku Leenane ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30 umene simuona sitolo. Ulendo wanga woyamba ndinadutsa Louisburgh ndili ndi nthochi imodzi m'thumba, ndipo pofika pakati pa chigwa miyendo inali kunjenjemera, mvula ikuwaza, pobisala palibe. Chiyambire tsiku limenelo ndimanyamula buledi wopaka chiponde, mtedza wokazinga ndi tiyi wotentha m'fulasiki.

Chigwa chimenechi, Doolough, ndicho chimandibweretsa kuno chaka ndi chaka. Msewu umatsetsereka n'kukafika pa kanyanja kakuda bii, kopanikizika pakati pa Mweelrea ndi mapiri a Sheeffry. Mitengo ndi yochepa, nyumba kulibe, mumangomva madzi akutsika m'matanthwe ndi nkhosa zikulira. M'mbali mwa msewu muli mtanda wamwala. Imani pamenepo. M'mwezi wa Marichi 1849, pa nthawi ya njala yaikulu imene inadza mbatatesi zitawola m'minda, anthu anjala anayenda pansi kuchoka ku Louisburgh kudzera m'chigwa chomwechi kukaonekera kwa akuluakulu oona za chithandizo amene anali ku Delphi Lodge. Nyengo inali yoipa, anthuwo anali ofooka kale, ndipo ena anafera m'njira pobwerera. Nditawerenga chakacho pamwalapo ndinakumbukira agogo anga akusimba za njala ya 1949, mmene anthu ankayendera mitunda kukasuma. Zaka 100 ndendende pakati pake, maiko otalikirana, koma ulendo wake ndi umodzimodzi. Mtunda umene anthuwo anayenda opanda kanthu m'mimba ndi womwewo umene unandinjenjemeretsa ine ndili panjinga, nditavala jekete. Sindidutsa pamenepo mothamanga.

Kuchoka apo msewu umatsata mtsinje mpaka ku Killary, kumene nyanja yamchere yalowa mkati mwa mapiri ngati mtsinje waukulu. Mumazungulira kumutu kwake, kudutsa mathithi a Aasleagh, n'kulowa m'Leenane. Ndi kamudzi kakang'ono, malo ogona ndi owerengeka, ndiye m'Julayi ndi Ogasiti sungitsani malo kudakali milungu ingapo. Za tenti: pafupifupi malo onse, ngakhale phiri looneka ngati lopanda mwini, ali ndi mwini wake. Pitani pamalo ovomerezeka ogonapo a matenti, kapena gogodani pakhomo mupemphe monga timachitira kwathu.

Tsiku lachiwiri ndi lalifupi, makilomita pafupifupi 40, ndipo kawirikawiri mphepo imakhala pambali kapena kumsana. Tengani R336 kulowera ku Maam. Pali chikweza mukangochoka ku Leenane, kenaka chigwa chotambalala. Pa Maam khoterani ku R345, ndipo posakhalitsa muona Lough Corrib, nyanja yaikulu kuposa zonse mu Republic of Ireland, yodzaza ndi tizilumba. Kuno n'kumene anthu ena amalankhulabe chilankhulo cha makolo awo cha Irish, ndipo zikwangwani zina zimalembedwa m'chilankhulocho chokha. Clonbur mudzaiona italembedwa An Fhairche, Cornamona ndi Corr na Móna, Tourmakeady ndi Tuar Mhic Éadaigh. Lembani mayinawa papepala, ndipo mapu muwasunge m'foni musananyamuke, chifukwa netiweki imathawa m'zigwa.

Mukagone ku Cong, mudzi umene uli pakati pa nyanja ziwirizi. Mukafika masana, siyani njinga muyende pansi. Madzi a Lough Mask amapita ku Lough Corrib kudzera pansi pa nthaka, m'miyala ya laimu yobowokabowoka, n'kudzatumphukira pa Cong pomwepo. M'zaka za njala zija anthu anapatsidwa ntchito yokumba ngalande yolumikiza nyanjazi kuti maboti azidutsa, koma maboti sanadutsemo, ndipo m'chilimwe madzi amangolowa pansi ngalandeyo n'kutsala youma. Ikadalipo mpaka lero, pamodzi ndi mabwinja a nyumba yakale ya amonke.

Tsiku lachitatu pali njira ziwiri. Yachidule imadzera ku Ballinrobe, koma ili ndi magalimoto ambiri ndipo sindiikonda. Ine ndimabwerera ku Clonbur, n'kutenga R300 kuzungulira kumadzulo kwa Lough Mask kudzera ku Finny ndi Tourmakeady mpaka ku Partry, kenaka R330 kulowa m'Westport. Ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo zikweza zenizeni za ulendo wonse zili pamenepa. Kwerani pang'onopang'ono pagiya yofewa, ndipo chikweza chikakula tsikani muikankhe. Mukafika pamwamba nyanja yonse imaoneka pansi panu.

Za pamsewu, mwayi wathu ndi wakuti kuno amayendera kumanzere ngati kwathu. Misewu ili ndi zilembo: ya M njinga siloledwa, ya N ndi yothamanga magalimoto, ya R ndi L ndiyo yathu. Koma ndi yopapatiza, yokhotakhota, yokhala ndi mipanda yamiyala mbali zonse, ndiye valani zowala ndipo muyatse nyali yofiira kumbuyo ngakhale masana kukachita nkhungu. Usiku lamulo limafuna nyali kutsogolo ndi kumbuyo. Helemeti lamulo silikakamiza, koma ine sindikwera popanda. Nkhosa zimagona pamsewu penipeni, zopakidwa utoto pamsana posonyeza mwini wake. Chepetsani liwiro mudakali patali, makamaka mukaona kamwana kali mbali ina mayi ake ali mbali ina, chifukwa kadumpha kuthamangira kwa mayi ake basi. Tizitsulo toyalidwa pamsewu totchingira ziweto timaterera kukanyowa. Tidutseni molunjika, osagwira mabuleki muli pamwamba pake. Pakagwa ngozi imbani 112 kapena 999.

Katundu musachulutse, koma zovala musankhe bwino. Mvula ya kuno ndi chiperoni chosatha, yowaza pang'onopang'ono mpaka kulowa m'mafupa. Malaya a thonje ndi jinzi zikanyowa siziuma ndipo zimakuziziritsani, ndiye valani zaubweya kapena zamasewera zouma msanga, jekete lamvula pamwamba, ndi magolovesi. Zovala zosinthira muzikulunge m'mapepala apulasitiki musanaziike m'zikwama za pakeriya; chikwama cha kumsana chimapweteka mapewa pofika masana. Nyamulani machubu awiri, pampu, zigamba ndi guluu wake, tizitsulo totsegulira tayala, masipanala ang'onoang'ono ndi mafuta a tcheni. Kuno simupeza wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamphambano iliyonse, choncho yesererani kusintha chubu kunyumba musananyamuke. Madzulo opanda mphepo m'mbali mwa nyanja kumatuluka tizilombo ting'onoting'ono toluma totchedwa midges, tobwera mwaunyinji ngati nkhungu za kunyanja kwathu. Mankhwala opaka amapezeka m'mafamase, ndipo muwagule mukadali ku Westport.

Mukafika ku Westport tsiku lachitatu, siyani ola limodzi lapadera sitima isananyamuke, kuti musinthe zovala zonyowa ndi kudya chotentha. Pofika kunyumba tsukani tcheni ndi mabuleki tsiku lomwelo, chifukwa mchenga wonyowa ndi mpweya wamchere wa ku Killary zimayambitsa dzimbiri m'masiku ochepa.