Momwe mungazindikirire ndi kusamalira mabala a pakhungu pa nsato yoweta ya ball python

Nsato ya mtundu wa ball python, imene akatswiri amaitchula kuti Python regius, kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo zambiri zimene zinafalikira m'maiko a kunja zinachokera ku Ghana, Togo ndi Benin. Ndi yaing'ono poyerekeza ndi nsato yathu ya m'madambo ndi m'matanthwe, pakuti kawirikawiri siipitirira mita imodzi ndi theka, ilibe ululu, ndipo ikachita mantha imadzikulunga n'kubisa mutu pakati. Kufatsa kumeneku n'kumene kwachititsa kuti anthu ambiri ku South Africa, ku Britain ndi ku America aziiweta m'nyumba, koma n'kumenenso kumabisa matenda ake. Njoka siilira ndipo siitsimphina. Imangobindikira m'kaphanga kake usana wonse, moti mwini wake akamadzaona chilonda chimakhala chitatha kale masiku angapo.

Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi yakuti pafupifupi bala lililonse la pakhungu la njoka yoweta limayambira m'khola lake. Mukathamangira kupaka mankhwala musanapeze chimene chayambitsa balalo, njokayo idzabwerera pamalo omwewo n'kuvulalanso chimodzimodzi.

Yambani ndi kuiyang'ana bwinobwino

Sambani m'manja ndi sopo musanaigwire, ndipo mukatero sambaninso mukamaliza, chifukwa njoka zimanyamula mabakiteriya a Salmonella amene amadwalitsa anthu. Yalani thaulo loyera patebulo, pamalo owala, ndipo muyambe kuyang'ana kuchokera kumphuno mpaka kunsonga ya mchira, mamba ndi mamba. Mabala ambiri amakhala kumimba, choncho musakhutire ndi kuona msana wokha. Ngati njokayo yadzikulunga, musaitambasule mokakamiza. Iikeni m'bokosi la pulasitiki loonekera mkati, dikirani kuti iyambe kuyenda yokha, ndipo munyamule bokosilo n'kusuzumira chapansi. Jambulani balalo ndi foni mutaika rula pambali pake, ndipo muyeze kulemera kwa njokayo pasikelo ya kukhitchini. Chithunzi ndi kulemera kwa tsiku loyambali ndi zimene zidzakuuzeni pakatha sabata ngati zinthu zikusintha kapena ayi, chifukwa diso la munthu amene amaona bala tsiku ndi tsiku limazolowera.

Musanaganize zoipa, onetsetsani kuti njokayo siikukonzekera kufundula. Ikatsala pang'ono kufundula, mimba yake yonse imaoneka yofiirira pang'ono mofanana kuyambira kukhosi mpaka kumchira, khungu limazimirira, ndipo maso amachita mtambo ngati mkaka wothira madzi. Patapita masiku ochepa maso amayeranso, kenako khungu lakale limavuka. Anthu ambiri amene angoyamba kuweta amasokoneza zimenezi ndi chilonda, n'kuyamba kupaka mankhwala pakhungu labwinobwino. Chilonda chenicheni chimakhala ndi malire, chimakhala pamalo amodzi kapena m'zigawozigawo, ndipo mamba a pamenepo amakhala otupa, okwinyika kapena onyowa.

Zindikirani mtundu wa bala

Kupsa ndi moto ndiko kumavutitsa kwambiri. Nsato imafunafuna kutentha, ndipo ikagona pachinthu chotentha mopitirira muyeso siichokapo msanga monga achitira mphaka kapena galu. Chimene chimaotcha nthawi zambiri ndi kamphasa kamagetsi kotenthetsera pansi pa khola komwe sikanalumikizidwe ku thermostat (kachipangizo koletsa kutentha kupitirira muyeso), babu lopanda chotchingira chawaya, kapena botolo la madzi otentha limene mwini wake waika m'khola magetsi atazima m'nyengo yozizira. Bala lakupsa limayamba ngati kufiira kwa mamba a kumimba, kenako pamatuluka matuza, ndipo pakatha masiku angapo khungu limada n'kuyamba kusupuka. Ndinaonapo nsato imene mwini wake anandionetsa ili ndi kadontho kofiira kosaposa chala chachikulu, koma sabata isanathe balalo linali litatambasuka kutalika ngati chikhatho, mamba akuyoyoka papepala ngati makoko a mtedza. Khungu limenelo linapsa tsiku loyamba lomwelo, kungoti kukula kwenikweni kwa bala lakupsa kumachedwa kuonekera. N'chifukwa chake bala lakupsa sililoledwa kupeputsidwa, ngakhale lioneke laling'ono.

Kuola kwa mamba kumafanana ndi kupsa, koma gwero lake ndi lina. Kumabwera njoka ikamagona pansi ponyowa ndi pauve kwa nthawi yaitali, pamene madzi otayika m'mbale asakanikirana ndi ndowe ndi mkodzo. Mamba a kumimba amayamba kusanduka ofiira kapena akuda m'mphepete mwake, ena amatukuka, ndipo nthawi zina pamatuluka timatuza ta madzi. Mabakiteriya monga Pseudomonas ndi Aeromonas, amene amakonda malo onyowa, amalowera pamenepo. Kuti musiyanitse ndi kupsa, pisani dzanja pansi pa kaphanga kamene njokayo imakonda kugonamo. Ngati m'mwanyowa ndipo mukununkha, mwapeza yankho. Ngati m'motentha kwambiri, yezani ndi thermometer pansi penipenipo.

Kulumidwa ndi khoswe wamoyo amene waperekedwa ngati chakudya sikusowa. Mabala ake amakhala pamsana kapena m'mbali, ang'onoang'ono koma akuya, ndipo khoswe akasiyidwa m'khola usiku wonse amatha kudya mnofu mpaka mafupa a msana kuonekera, pakuti nsato imene ilibe njala imangodzikulunga osabwezera. Mphuno yonyuka imasonyeza kuti njokayo ikudzikhuza pawaya kapena pachivundikiro pofuna kuthawa, mwina chifukwa chosowa pobisala kapena chifukwa khola latentha kwambiri. Selotepi imene yamatuka m'khola imakakamira pamamba n'kung'amba khungu. Musaikoke: inyowetseni ndi mafuta ophikira ndipo muimatule pang'onopang'ono.

Yang'ananinso tizilombo tating'ono takuda tonga utitiri, timene timabisala mozungulira maso ndi m'kamzere ka pansi pa chibwano. Njoka imene ili ndi tizilomboti imakhalitsa m'mbale yamadzi, ndipo pansi pa mbaleyo pamatsala timadontho takuda. Pomaliza onani nsonga ya mchira, chifukwa khungu lakale likatsalira pamenepo limamanga ngati mphete n'kutsekereza magazi mpaka nsongayo kuuma.

Mabala amene akufunika dokotala wa ziweto

Pali mabala amene simuyenera kulimbana nawo nokha. Pitani kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo ngati mnofu kapena fupa likuonekera, ngati bala lili padiso kapena m'kamwa, ngati khungu lapsa mpaka kuchita matuza, ngati pakutuluka fungo kapena madzi, ndiponso ngati njokayo yafooka ndipo pansi pa mamba a kumimba pakuoneka timadontho tamagazi tambirimbiri, chifukwa chimenechi chingakhale chizindikiro chakuti mabakiteriya alowa m'magazi. Chotupa cholimba cha pansi pa khungu nachonso n'cha dokotala. Mafinya a njoka ndi olimba, satuluka mukafinya monga amachitira a munthu, choncho chotupacho chimayenera kung'ambidwa ndi kukokololedwa. Yesetsani kupeza dokotala amene anazolowera zokwawa. Iye angatenge pang'ono za pabalapo kukayeza kuti adziwe mabakiteriya ake, angasoke bala, ndipo angalembe mankhwala ochepetsa ululu ndi jakisoni monga ceftazidime, amene pa njoka amabayidwa kamodzi pa masiku atatu alionse. Musagawire njoka mankhwala akumwa a anthu amene anatsala m'nyumba, chifukwa thupi lake limagaya mankhwala pang'onopang'ono ndipo mlingo wolakwika ungawononge impso.

Konzani malo odwaziramo

Kaya mwapita kwa dokotala kapena bala n'lapamwamba chabe, chotsani njokayo m'khola lake la masiku onse. Tengani bokosi la pulasitiki lokhala ndi chivundikiro cholimba ndi timabowo ta mpweya, litsukeni, liume, ndipo muyalemo mapepala oyera opukutira m'manja m'malo mwa makoko a kokonati, makungwa kapena utuchi, zimene zimamatirira pabala. Ikanimo mobisala muwiri mosavuta kutsuka, kwina kofunda ndi kwina kozizirirapo, komanso mbale yaing'ono yamadzi yolemera kuti isagubuduke. Mapepalawo asinthidwe akangodetsedwa.

Kutentha n'kofunika kwambiri pano, chifukwa chitetezo cha m'thupi mwa njoka chimadalira kufunda kwa malo amene ili, ndipo njoka yozizidwa bala lake silipola. Mbali yofunda ikhale pa madigiri 31 mpaka 32, mbali inayo pa madigiri 25 mpaka 27, ndipo chotenthetsera chilichonse chidzere pa thermostat. Ena akamva kuti mamba aola chifukwa cha kunyowa amaumitsa khola lonse gwa, ndipo zikatero njokayo imalephera kufundula bwino, bala n'kuwonjezeka. Chimene chiyenera kuuma ndi pansi pamene njokayo imagona, koma mpweya ukhalebe ndi chinyezi cha pakati pa 55 ndi 65 peresenti.

Tsukani bala ndi kupaka mankhwala

Ngati mwaipeza njokayo itangopsa kumene, thirani madzi ozizira a pampopi pamalo opsawo kwa mphindi 10 mpaka 15, osagwiritsa ntchito ayezi. Pa mabala ena onse, yambani ndi kutsuka ndi madzi amchere ogula ku famase. Ngati palibe, sungunulani magalamu 9 a mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndipo mudikire kuti azizire. Thirani madziwo pabala ndi sirinji yopanda singano kuti zinyalala zichoke, ndipo musakhule.

Kenako konzani madzi ofunda a madigiri 28 mpaka 30 m'beseni, osazama kupitirira theka la thupi la njokayo. Iikeni kaye m'madzi opanda mankhwala kwa mphindi zingapo, chifukwa njoka zambiri zikangolowa m'madzi zimayamba kumwa. Ikamaliza, donthezani povidone iodine, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Betadine, mpaka madziwo aoneke ngati tiyi wopepuka wopanda mkaka, ndipo njokayo ikhalemo mphindi 10 mpaka 15 inu muli pomwepo, mutu wake uli pamwamba. Ngati bala n'laling'ono, n'kokwanira kunyowetsa kansalu ka gozi m'madzi omwewo n'kusindikiza pabalapo. Chlorhexidine wosungunula kufika pa 0.05 peresenti amagwiranso ntchito yomweyi, koma asafike m'maso. Mukamaliza, ipukuteni mosindikiza ndi pepala loyera mpaka iume, makamaka kumimba.

Pabala louma bwino pakani pang'ono kirimu wa silver sulfadiazine wa 1 peresenti, amene ku Britain amadziwika ndi dzina lakuti Flamazine ndipo ndi amene madokotala amakonda pa mabala akupsa. Pakani mopyapyala, kamodzi kapena kawiri patsiku malinga ndi malangizo a dokotala, mutachotsa kaye wadzulo. Bandeji siikhalitsa panjoka chifukwa imaivula poyenda, ndipo pulasitala yomata imang'amba mamba, choncho ukhondo wa mapepala a pansi ndi umene umalowa m'malo mwa bandeji.

Pali zinthu zimene timazidalira m'nyumba zathu koma n'zoopsa kwa njoka. Sipiriti ndi hydrogen peroxide zimapha khungu latsopano limene likumera. Dettol ndi mankhwala ena a mtundu wa phenol ndi poizoni kwa zokwawa, ndipo asagwiritsidwe ntchito ngakhale potsuka khola. Pewaninso mafuta opaka okhala ndi mankhwala ochititsa dzanzi monga lidocaine ndi benzocaine, komanso kumata Vaseline wambiri kwa masabata, chifukwa amafewetsa mamba abwino oyandikana ndi bala. Matuza musawaboole ndipo nkhanambo musaitong'ole. Khungu lotsalira kumchira lifewetseni ndi madzi ofunda n'kulipukuta mofatsa ndi thaulo lonyowa, koma lotsalira padiso musalizule ndi chopanira.

Konzani khola, ndipo khalani oleza mtima

Pamene njokayo ili m'bokosi lodwaziramo, tayani zoyala zonse za m'khola lakale, litsukeni, ndipo mukonze chimene chinayambitsa vutolo: gulani thermostat, tchingani babu, chotsani selotepi iliyonse, ndipo musalaze paliponse pakuthwa. Lekani kudyetsa makoswe amoyo, muyambe kupereka ophedwa kale, osungidwa mufiriji ndi kufunditsidwa asanaperekedwe. M'masabata odwalawa perekani chakudya chocheperapo kuti khungu lisatamuke kwambiri pabala, ndipo mukaidyetsa musainyike m'madzi kwa maola 48. Ikakana kudya kamodzi kapena kawiri musade nkhawa, bola kulemera kwake kusatsike kwambiri. Ngati munapeza tizilombo tonga utitiri tija, funsani dokotala mankhwala oyenera a njoka ndi a khola lomwe, chifukwa mazira ake amatsalira m'ming'alu.

Khungu la njoka limapola mochedwa kuposa la galu kapena la munthu, ndipo kusintha kwakukulu kumaoneka ikafundula. Njoka yovulala imafundula pafupipafupi kuposa nthawi zonse, ndipo ulendo uliwonse bala limachepa. Kuola kwa mamba kwapamwamba kumatha ikafundula kamodzi kapena kawiri, pamene bala lakupsa lakuya limatenga miyezi ingapo, ndipo ulusi wosokera umakhala masabata 4 mpaka 6 kapena kupitirira. Pamalo ena padzatsala chipsera ndipo mamba adzamera okhota, zimene sizilepheretsa njoka kukhala zaka 20 kapena 30. Jambulani balalo masiku atatu alionse. Ngati pakatha sabata likukula, likuda kapena layamba kutuluka madzi, bwererani kwa dokotala. Njokayo ibwerere m'khola lake pokhapokha itafundula khungu lonse bwinobwino, bala litatsekeka ndi kuuma, ndipo inu mutayeza kutentha kwa pansi pa kaphanga kofunda kwa masiku awiri otsatizana n'kupeza kuti sikukupitirira madigiri 32.