Pulogalamu ya pambali isafere m'foda

Pa laputopu yanga pali foda imene ndinaitcha "manda". Muli mapulogalamu 7 a pambali, olemba ndekha kunja kwa ntchito yanga, amene ndinawayamba ndi moto, onse osatha. Kamene kanapulumuka ndi kamodzi kokha, ka pa foni, kowerengera masheya ndi ngongole za banki m'khonde ya azakhali anga ku Zomba. Malangizo awa ndawatola pa kameneko.

Pezani kaye munthu amene akudikira ntchitoyo. A m'manda aja ndinkawadikira ndekha, ndipo ine ndimadzikhululukira msanga. Azakhali sakhululuka. Loweruka gulu likangobalalika, foni imalira: "Iwe, chija chafika pati? Mlembi wathu wasokonezanso chiwongoladzanja." Manyazi oti ndiyankhe kuti sabata yonse sindinachigwire ndi amene amandikhazika pampando.

Kenako dulani maloto. Ine ndinkafuna login (kulowa ndi dzina ndi pasiwedi), ma graph (zojambula zoonetsa ziwerengero), ndiponso kuti anthu azilipira pa foni pomwepo. Zimene ndinawapatsa patatha masabata atatu zinali tsamba limodzi losaoneka bwino: dzina, masheya, ngongole, chiwongoladzanja. Zonse zimasungidwa mu SQLite, chida chosungira deta, m'foni momwemo, chifukwa amayiwo sangamagule bandulo pofuna kungoona ngongole ya munthu. Tsiku lomwelo anandiuza kuti ndaiwala chindapusa cha ochedwa komanso thumba la zadzidzidzi, lija amathandizana nalo pa matenda ndi maliro. Ndikanapitiriza kubisa ntchitoyo mpaka "itakongola", sindikanazidziwa. Dandaulo la munthu amene akugwiritsa ntchito chinthu chako limapatsa mphamvu kuposa kukuyamikira kwa anzako.

Nthawi ikhale yochepa koma yokhazikika. Ine ndi mphindi 40 m'mawa ndisanapite kuntchito. Madzulo ndinayesa, koma munthu wotsika minibasi atatopa salemba code (malamulo opanga pulogalamu), amangoyang'ana. Magetsi akakhalapo tchajani laputopu, intaneti ikakhalapo tsitsiranitu ma documentation (zolemba zofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka zida zanu). Git, imene Linus Torvalds anaipanga mu 2005, imasunga mbiri yonse ya ntchito pa kompyuta yanu, choncho commit (kusunga zimene mwasintha) mukhoza kupanga mumdima, push (kuzitumiza pa intaneti) n'kudzapanga netiweki ikabwera.

Njira imene yandithandiza kuposa zonse ndi iyi: musaweruke zonse zili bwinobwino. Mukamaliza gawo n'kutseka laputopu, mawa lake mumayamba ndi funso lakuti "ndiyambire pati?", ndipo mphwayi zimalowera pa funso limeneli. Ine ndimasiya dala test imodzi (code yoyesa ngati pulogalamu ikugwira bwino) ikulephera, n'kulemba mzere umodzi mu fayilo yotchedwa mawa.txt, monga "wobweza ngongole theka, chiwongoladzanja chikuwerengedwa kawiri". M'mawa ndikatsegula, dzanja limadziwa kale pogwira. Zili ngati kusiya khasu pakati pa mzere.

Chenjerani ndi zida zatsopano. Ndinayamba ndi Kotlin, chinenero cholembera mapulogalamu, ndiye nditaonera pa YouTube mavidiyo a Flutter, chida china chopangira mapulogalamu a pa foni, ndinaganiza zolembanso zonse. Miyezi iwiri inapita, azakhali osalandira kalikonse katsopano, ine n'kubwereranso pa Kotlin pomwe ndinasiyira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Masiku ano maganizo otere ndimawalemba m'kope, ndipo ambiri ndikawawerenga patatha sabata sandikokanso.

Mudzasiyabe nthawi zina, kaya ndi maliro, kaya ntchito yakula ku ofesi. Pobwerera musayambe ndi gawo lovuta pofuna kulipira masiku otayika. Konzani kanthu kakang'ono, ngakhale liwu lolembedwa molakwika pa batani, mupange commit. Kuchedwa si imfa ya pulogalamu. Guido van Rossum anayamba Python, chinenero chotchuka cholembera mapulogalamu, mu Disembala 1989 ngati chochita pa tchuthi cha Khirisimasi, koma anthu anaiona koyamba mu 1991.

Koma ngati mwatsegula foda katatu konse mtima osagunda, ndipo palibe amene akufunsa, ikwirireni. Lembani mu README, fayilo yofotokoza pulogalamuyo, chimene munaphunzirapo ndi chifukwa chosiyira, basi.

Gulu la azakhali limagawana ndalama mu Disembala, ndipo gawo lowerengera zimenezo sindinalimalize. Mu mawa.txt ya lero ndalembamo kuti: "amene walowa m'gulu pakati pa chaka, phindu lake liwerengedwe bwanji? Ndifunse msungichuma Loweruka."