Momwe mungafanizire Chibelarusi ndi Chikonkani

Musayambe ndi zilembo, mungasokonezeke. Chibelarusi, chinenero cha dziko la Belarus, chimalembedwa m'zilembo 32 za Cyrillic (mtundu wa zilembo umene Arasha amalembera), pomwe Chikonkani, chinenero cha boma ku Goa, dera la ku India, kuyambira 1987, ena amachilemba m'zilembo za ku India za Devanagari kapena Kannada, ena m'zilembo za Chilatini (monga izi za Chichewa). Choyamba, lembani mawu onse m'zilembo za Chilatini monga amamvekera.

Kenaka tengani manambala, chifukwa sabwerekedwa wamba. Ziwiri ndi "dva" ku Belarus, "don" ku Goa. Zitatu "try" ndi "tin". Khumi ndi "dziesiać" ndi "dha". "Dz" ameneyo asakunamizeni: Chibelarusi chimasandutsa "d" wofewa kukhala "dz". Madzi ndi "vada" ndi "udok", tsinde limodzi lakalekale. Apa Abelarusi amalemba "a" pomwe Arasha amalemba "o", chifukwa "o" wosatsindikidwa amamveka ngati "a".

Msampha waukulu ndi mawu obwereka. Mawu a Chikonkani "zonel" (zenera) ndi "igorz" (tchalitchi) adachokera kwa Apwitikizi, amene adalamulira Goa mpaka 1961. Achotseni pamndandanda, apo ayi mupeza chibale chabodza.

Pomaliza onani chiganizo: Chikonkani chimaika mneni kumapeto, Chibelarusi chimasinthasintha malo a mawu popeza mathero a dzina ndiwo amasonyeza ntchito yake.