Tsiku limodzi mumzinda wa Chiang Mai ku Thailand ndi anzanu: muyende chonchi

Mwafunsa kuti muli gulu la anthu asanu ndi mmodzi, tsiku ndi limodzi lokha, ndiye muyambire pati. Chitani izi.

Usiku woti mawa ndi ulendo sonkhani ndalama, musankhe msungichuma mmodzi. Zoti aliyense azipisa m'thumba kufunafuna ma baht ake (ndalama za ku Thailand) pageti zimangochedwetsa ulendo.

M'mamawa, 7 koloko isanakwane, imitsani songthaew, kagalimoto kofiira kokhala ndi mabenchi awiri kumbuyo. Mtengo mugwirizane musanakwere, wopita ndi wobwerera, dalaivala akudikireni. Lunjikani ku kachisi wa Chibuda wa Wat Phra That Doi Suthep, makilomita pafupifupi 15 kuchokera mumzinda. Msewu wake ndi wokhotakhota, wokwera phiri, choncho wa chizungulire akhale chakukhomo. Mukafika pali masitepe oposa 300, m'mbali mwake muli zinjoka zosema. Valani zobisa mapewa ndi mawondo, nsapato muvule polowa. Chitenje chimapulumutsa apa, musachisiye.

Masana tsikirani mumzinda wakale mudye khao soi: nkhuku mumsuzi wa kokonati wothira kale (curry), pamwamba atawaza manudozi okazinga okhukhuta. Mukakhuta, yendani wapansi kukaona akachisi a Wat Chedi Luang ndi Wat Phra Singh, ali moyandikana.

Madzulo, ngati ndi Lamlungu, pitani kumsika wa mumsewu wa Ratchadamnoen kuyambira pachipata cha mzinda wakale cha Tha Phae Gate. Masiku ena msika wausiku wa Night Bazaar ulipo. Kumakhala chinamtindi cha anthu, ndiye panganiranitu pokumanirana wina akasochera.

Mwezi wa Marichi upeweni ngati n'kotheka, utsi wa moto wa m'minda umaphimba phiri lonse.